Tsiku lomwe ndinapha malume a Esinala

Iyi ndimaibisa, koma poti achemwali anga amaifotokoza mokometsera paliponse pomwe pali anthu, bola muimve kwa mwiniwakene.

Ndili ndi peji yanga pa intaneti, Zatentha ku Nkando. Mbuzi ikaba tomato pamsika, ndalemba. Kondakitala akamenyana ndi pasenjala, ndalemba. Achemwali anga a Mphatso ndi mtolankhani wa pa wailesi ku Blantyre, wopita kusukulu yake. Nyimbo yawo inali imodzi: "Usanalembe, funsa kaye." Ine ndinkati kufunsafunsako n'chifukwa chake nkhani zawo zimafika zitazizira.

Tsiku lina masana ndinali mu minibasi kuchokera ku Chinakanaka. Tikuyandikira pakhomo pa a Namakhwa, ndinangoona masamba atayalidwa pamsewu, dalaivala wachepetsa liwiro, anthu ali mbwee pabwalo. A Namakhwa ndi malume a chibwenzi changa Esinala, eni mbumba, omwe amayenera kuvomereza chinkhoswe chathu mwezi womwewo. Ndipo aliyense ankadziwa kuti BP imawavuta.

Ndinamva chisoni, sindikana. Koma chala chinathamanga kuposa chisonicho. Ndinapeza chithunzi chawo, n'kulemba kuti BULEKING'I NYUZI, a Namakhwa atisiya, mzimu wawo uuse mumtendere. Ndinadina potumizira, foni m'thumba.

Nditatsika pa Nkando ndinawaflasha achemwali, iwo n'kuimba.

"Lero ndakupitirirani! Malume a Esinala amwalira, ndalemba kale."

"Wakuuza ndani?"

"Masamba pamsewu. Masamba sanama."

"Wamva kulira?"

"Minibasi inali ndi nyimbo."

"Esinala wakuimbira?"

"Ayi."

"Iwe, nanga lole ikafera pamsewu amayala chiyani? Makapeti?"

Foni sindinayerekeze n'kuiyang'ana, ndinkaopa makomenti a RIP. Ndinakwera kabaza kubwerera, njira yonse ndikupemphera pemphero lomwe mpaka lero sindidziwa kuti ndimapempha chiyani. Akhale amoyo, ukwati watha. Akhale atafa, ndiye ndine munthu wanji?

Titafika, lole ya nanazi ili poo pambali pa nyumba, teyala lili pansi. Anthu aja amadikira nanazi zophwanyika. Ndipo atakhala pampando, chipewa kumutu, akulangiza makaniko ntchito yomwe sakuidziwa, a Namakhwa. Amoyo, akudya nanazi!

Ndinagwada pafumbi pomwepo.

"Malume, ndalakwa. Ndalengeza kuti mwamwalira."

Anasiya kutafuna. "Ndamwalira liti?"

"Masana omwe ano."

"Ndi chiyani?"

"Sindinalembe, koma ndimaganizira BP."

Anthu anasiya nanazi n'kutizungulira. Esinala anatuluka m'nyumba, manja m'chiuno, diso lake lokha ndinaona chinkhoswe chikukwera minibasi.

"Tandionetsa maliro angawo," anatero malume.

Ndinatulutsa foni. Kutsegula peji, kanthu kakungozungulira. Pansi pake uthenga: sizinatumizidwe. Bandulo inathera mu minibasi muja! Palibe anaona, ngakhale munthu mmodzi. Ndinakhala pansi, thukuta kuti chuu, ndikuseka ngati wopenga.

"Sizinapite, malume! Sizinapite!"

Malume anaitenga foni, kuiyika patali ndi maso. "Ndiye ndafa, koma palibe wamva? Makaniko, tamugawira netiweki, tione amene andilire."

"Ayi, malume, chonde!" Ndinailanda n'kufufuta, chala chomwe chija chikuthamanga kuposa poyamba.

Malume anandipatsa chidutswa cha nanazi.

"Chinkhoswe chilipo. Mwamuna woti akalakwa amabwera yekha kudzagwada, ameneyo ndi wosowa. Koma ziwiri. Chithunzi chimenecho ndili ndi malaya ong'ambika, tsiku lenilenilo udzaike cha suti. Ndipo ndikadzafa, adzalengeze achemwali ako. Iwe ungadzandiike ndikupuma."

Tinakwatirana ndi Esinala, peji ikadalipo. Koma masiku ano ndikaona masamba pamsewu ndimatsika, n'kufunsa kaye kuti wafa ndi munthu kapena lole.

Achemwali ali ndi mkonzi wowaletsa kulemba zopusa, ine mkonzi wanga anali bandulo.