Ayisikilimu Wonenepetsa Bambo a Wongani

Lolemba

Uthenga wafika: apongozi akubwera Loweruka kuchokera ku Rumphi. Ulendo watha anamuyang'ana mwana wawo, bambo a Wongani, kenako n'kundifunsa, "Kodi m'nyumba muno mumaphika?" Ayi amayi, timangonyambita mapoto.

Munthuyo ndi wowonda chibadwire. Lamba wake ndinachita kuboola ndi msomali. Koma mlandu ndi wanga, ndipo mawu aja amandiwawabe.

Msuweni wanga wogwira ntchito kwa azungu ku Area 10 akuti dona wake amadya ayisikilimu wa tchizi, wodzaza mapuloteni. Akuti amamanga thupi. Basi, pofika Loweruka mwamuna wanga akhala ndi masaya!

Zofunika: chambiko, shuga, nthochi, nsalu yoyera, filiji. Filiji ndilibe. Zazing'ono zimenezo.

Lachiwiri

Ndatenthetsa chambiko mpaka chachita zibuluma. Nsalu yoyera yosefera m'nyumba muno ndi imodzi yokha, duku langa la kutchalitchi. Mulungu amvetsa.

Ndalimangirira pa waya woyanikira zovala kuti madzi adonthe. Ntchentche zonse za mu Area 25 zabwera kumsonkhano, zina zachita kukwera minibasi kuchokera ku Mtandire. Chambiko chodzaza poto chatsala kakapu. Tchizi ameneyo! Ndaponderamo nthochi ndi shuga.

Alandilodi, Mayi Nyirenda, avomera kundisungira m'filiji yawo. "Bola musakhudze nsomba zanga," atero.

Lachitatu

Wauma gwa! Supuni yapindika. Ndachita kubenthula ndi mpeni.

Nsomba zawo sindinazikhudze, koma izo zandikhudzira ayisikilimu wanga. Fungo la utaka lokhalokha. Bambo a Wongani alawa, atafuna pang'onopang'ono, ndiye akuti, "Ndiwozi n'zabwino, koma zazizira."

Kutaya sindingataye, mmene zinthu zakwerera chigwereni kwacha. Ndadya ndekha mbale yonse kuseri kwa nyumba.

Lachinayi

Kuyambiranso. Dzulo madzulo ndinapanga wina n'kuonjezera nsinjiro, poti nazonso akuti ndi mapuloteni, chivindikiro n'kumanga ndi mphira kuti fungo la nsomba lisalowe. Lero m'mawa ndikupita kukatenga, ndapeza phala. Kani Mayi Nyirenda amazimitsa filiji pogona!

"Iyenera kupuma, mayi a Wongani. Inuyo mungagwire ntchito usana ndi usiku?"

Zoona. Filiji nayo ili ndi ufulu wake, si nthawi ya matipate ino? Ayiyatsanso, phala laumanso. Madzulo ndayimirira pambali pa bambo a Wongani mpaka amaliza theka. Theka linalo ndamaliza ine.

Lachisanu

Bambo a Wongani sanapite kuntchito ku Kanengo. Ntchito aipeza pompano, kuchimbudzi. Chimbudzi chake n'chimodzi pa puloti yonse, ndiye anthu ali pamzere ndi nkhope zamaliro, onse akuyang'ana ine.

Zotsatira za sabata ino:
maso awo alowa m'kati,
lamba ndaboolanso,
duku lasanduka lachikasu.

Ine ndinadya zomwezo koma m'mimba muli zii. Zipi ya siketi yanga ndiye yakana kutseka. Mapuloteni akugwiradi ntchito, kungoti asochera nyumba.

Ndapanganso wina, womaliza. Ndawagwadira Mayi Nyirenda kuti filiji igone maso lero lokha.

Loweruka

Apongozi afika ndi thumba la nyemba pamutu. Mwana wawo watuluka kukawalandira atagwira khoma. Amuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Atembenuka, ayang'ana ine, makamaka masaya ndi pamene pathera zipi.

Ndayamba kufotokoza za mapuloteni. Wongani, mwana wanga wobereka ndekha, wandithandiza: "Agogo, amayi amadya ayisikilimu tsiku lililonse kuseri kwa nyumba!"

Apongozi angoti, "Ndaona." Thumba la nyemba alowa nalo okha kukhitchini.

Lamulungu

Kutchalitchi ndavala duku lomwelo. Ndachapa kawiri konse, koma amayi a pa benchi yanga akusendera kumapeto mmodzimmodzi. Malo ambiri, mpweya wabwino.

Pobwerera apongozi alengeza kuti kumudzi sakubwerera mpaka Khirisimasi, kuti mwana wawo "ayambe waoneka ngati munthu." Tili mu Okutobala. Mapoto anga asamutsidwa kale, mchere sindikudziwa kumene uli. Bambo a Wongani adya nyemba za amayi awo mbale ziwiri, akunyambita ndi zala zomwe. Manyazi alibe.

Mayi Nyirenda anditumizira mbale yanga ya Lachisanu, akuti ikuwathera malo a nsomba. Ndakhala nayo kuseri kwa nyumba. Wofewa bwino, wotsekemera, wopanda fungo ngakhale pang'ono. Wakoma zedi, ndipo palibe amene ndingamuuze.

Ndamaliza yense.