Kwa Bwana Osunga Batani Lobiriwira, za kamzere komwe kanatisamutsira ku Brazil

Bwana wolemekezeka,

Ndine Zulfa Kalilu, mphunzitsi wa makompyuta kuno ku Nkhotakota. Ndikulemba nditagwada, ngakhale kutaipa chogwada kumapweteka msana.

Ndiyambe ndi kuthokoza chifukwa cha apu yanu yaulere yokumbutsa nthawi za swala, yomwe khodi yake, malangizo olembedwa omwe amaiyendetsa, munaisiya poyera kuti aliyense athandize kukonza. Ndinaikonda, moti ndinaiika m'mafoni a abale anga onse. Lero pamaliro ndi paukwati amandiloza ndi milomo.

Vuto ndi laling'ono. Pa nambala yosonyeza pomwe pali Nkhotakota panalowa kamzere kochotsera, ndiye apu yanu ikuti tili m'nyanja yamchere kufupi ndi Brazil. Zikomo potiyendetsa dziko opanda pasipoti. Koma foni ikuitana swala ya m'bandakucha dzuwa litatentha kale, amayi ataanika usipa. Azakhali anga a Safiya, omwe amakhala ku Bua kutali ndi mzikiti ndipo maso awo anachita khungu, amadalira foniyo. Anandifunsa ngati ndinawagulira shehe waulesi.

Ndinafufuta kamzereko n'kutumiza pulu rikwesiti, lija pempho loti mwini khodi aone zomwe wina wakonza, akakhutira adine batani zilowe. Apa ndiye ndaona ukatswiri wanu.

Choyamba, munandiyankha kuti mutu wa pempho langa ndauyamba ndi chilembo chachikulu. Ndinachita manyazi. Ndinachichepetsa.

Chachiwiri, munapempha umboni woti Nkhotakota ili m'Malawi. Ndinatumiza mapu. Munati mapuwo ndi olemera, akuchedwa kutseguka. Ndinatumiza chithunzi cha amalume anga a Abdulwahab ataima pa chikwangwani cha pamsewu, atavala mkanjo wawo wa Lachisanu chifukwa anamva kuti chithunzicho chikupita kwa akuluakulu. Munaikapo kachala koloza m'mwamba. Amalume mpaka pano amafunsa ngati kachalako ndiye kuvomera.

Chachitatu, munati pafunika munthu wina aunikenso. Anapezeka a Fidelis a ku Nkhunga, omwe sindinawaonepo, Mkatolika woimba kwaya amene masana amagulitsa mbewu m'sitolo. Anawerenga, anayesa pafoni yawo, anapezanso kuti Ngala, ya m'mbali mwa nyanja ija, munaiika pamwamba pa phiri, n'kukonza. Anandiphunzitsa kulemba kakhodi koyesera kuti tauni ina isadzasamukenso. Tsopano ndife mabwenzi, ndipo akazi awo ananditumizira chinangwa. Ubale umenewu tikuthokoza inu, chifukwa mukanakhala achangu sitikanadziwana.

Kenaka munangoti zii. M'malo mwanu kunabwera loboti yanu ya pa intaneti, yaulemu kwambiri, kudzanena kuti pempho langa lagonera ndipo ilitseka. Ndinalemba kuti ndikadali moyo. Inathokoza, inadikira pang'ono, n'kulitseka ndithu. Ndinalitsegulanso. Ine ndi lobotiyo timapatsana moni mwezi ndi mwezi.

Bwana, Ramadani yayandikira. Azakhali akatsatira apu yanu adzafuturu, kumasula kusala kudya, anzawo atagona kale, ndipo amamwa mankhwala a shuga. A Fidelis akuti tingokopera khodi yonse tiyambe apu yathu, poti chilolezo chomwe munalemba nokha chimatilola. Ndawapempha adikire mpaka mwezi wa Ramadani uoneke, chifukwa cha ulemu wanga pa inu.

Pempho langa ndi lochepa: dinani batanilo. Ngati chala chili ndi ntchito zina zazikulu, chonde perekani mphamvuzo kwa loboti, poti mu ofesi yanu yonse ndi yokhayo imabwera ku ntchito.

Ine wanu wodikira mosangalala,

Zulfa Kalilu
Nkhotakota, Malawi