Galimoto Yogonamo ya Alamu

Lolemba
Alamu, achimwene a mayi a Chisomo, afika kuchokera ku Joni ndi galimoto yogonamo. Mkatimo bedi, sitovu, filiji, mpaka chimbudzi! Munthu wamkulu kumayenda ndi chimbudzi pamsewu. Mayi a Chisomo aizungulira kanayi, akuisisita. Ine sanandiyang'anepo choncho chikwatirane. Mtima ukundiwawa, sindibisa.

Lachiwiri
Yavuta pakhomo panga penipeni. Tayala lakumbuyo likutentha, likununkha chopserera, galimoto ikuyenda ngati ng'ombe yokana goli. Alamu akuti, "Inu mumakonza ngolo, taonaniponi."
Ndalowa pansi. Chingwe cha handibuleki chachita dzimbiri, sichikubwerera. Basi! Kagilisi pang'ono, nkhani yatha.
Koma ndamva kuti Lamulungu akutenga banja lonse kukaona njovu ku Lifupa. Ndatuluka, ndapukusa mutu: "Alamu, vutoli ndi lalikulu."
Asapite!

Lachitatu
Ndachotsa matayala awiri, ndaikhazika pa njerwa. Tione bwana ayenda bwanji.
Bwana sakudandaula n'komwe. Atulutsa mpando wopinda, akumwa madzi ozizira pansi pa mango wanga.

Lachinayi
Odzaona galimoto lero:
amayi a mvano onse
aphunzitsi awiri a ku Chamama
apongozi, katatu
mbuzi
Njira yawo yadutsa pa nazale yanga ya fodya. Mabedi awiri a mbande aphwanyika. Mkamwini ndinganene chiyani pamudzi pa eni? Ndangomwetulira, mano okha.

Lachisanu
Mayi a Chisomo aphikira m'galimoto, ati mulibe utsi. Masana agona pa bedi lija. Podzuka akundifunsa, "Bambo a Chisomo, kani msana umatha kukhala osapweteka?"
Mphasa timagonapo ija ndinaluka ndekha, milungu iwiri.
Ndiwo ndalandirira pawindo la galimoto, ngati mlendo.

Loweruka
Zandikwana. Ichoke pakhomo panga!
Gilisi, hamala kawiri, chingwe chamasuka. Ndabwezera matayala. Tayenda mpaka padimba ndi kubwerera, tayala lozizira bwinobwino. Ndaima, manja akuda bii, ndikudikira kuti mayi a Chisomo anene kanthu.
Anenadi, anthu onse akumva: "Masiku anayi kachingwe kokhako? Achimwene akanakhala ndi sipanala akanamaliza tsiku lomwelo."
Apongozi aseka mpaka kutsokomola. Ndinene kuti ndinadziwa kuyambira Lachiwiri? Ndiye zingaipe koposa.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi onse akwera: apongozi pa bedi, ana pafupi ndi filiji, abusa nawonso apezeka mkati. Mayi a Chisomo ali kutsogolo, nsalu yatsopano, dzanja pawindo, akubayibitsa anthu. Malo anga palibe.
Alamu atulutsa mutu: "Muzititsatira pa njinga ndi masipanala, mwina mabuleki agwiranso."
Chabwino. Ndikupopa njinga. Koma mabuleki aja ndawakonza bwino kwambiri. Sakaima paliponse kuti ndiwapeze.