Mayi Nyundo ndi Lole Yawo Yachisamba

Mayi Nyundo sankasiyana ndi nyundo. Azimayi ena m'chikwama amasungamo mpango ndi mafuta odzola, koma iwo ankasungamo nyundo, ngakhale popita ku ukwati. M'mawa uliwonse ankazungulira malole awo n'kumagogoda tayala lililonse, khutu ali tcheru. Ankagogoda zipupa za nyumba zimene amanga, ndipo tsiku lina anagogoda mimba ya mkulu wina amene anabwera kudzawafunsira.

"Muli mpweya wokhawokha umu," anatero, ukwati n'kuthera pomwepo.

Wadazi, dalaivala wawo woyamba, anazionera zonsezi pafupi. Anayamba nawo ndi lole imodzi yakutha yotuta mchenga, imene mayiwo ankaitcha Chisamba poti mwana analibe. Masiku amenewo alongo a mayiwo ankangoseka, amvekere mkazi ndi malole n'zosayenderana. Malole atachuluka, makina okumba misewu n'kubwera, alongo omwewo anayamba kudzapereka moni pafupipafupi, maso ali pa makiyi.

"Wadazi, ndikadzafa udzandinyamule pa Chisamba," anatero mayiwo tsiku lina.

"Imafuka utsi, mayi."

"Ndiye ndizidzatsokomola m'bokosimo?"

Wadazi anaseka, koma analonjeza.

Mayiwo atamwalira, tsiku loika maliro Wadazi analawirira kuti akatsuke Chisamba. Pabwalo la malole anangopezapo madontho a oyilo. Alongo aja anali atagawana zonse thupi lisanazizire. Mtima ukuwawa, Wadazi anapita kwa wamkulu wawo.

"Bwana, mundibwereke Chisamba lero lokha. Ndinawalonjeza mayi."

"Katundu wa malemu sasuntha mpaka banja likambirane," anatero mkuluyo, makiyi akulira m'thumba.

"Nanga wafika bwanji kwanu kuno?"

"Iwe ndiwe wantchito. Dziwa malire ako."

Motero mayi amene anamanga milatho ndi misewu anapita kumanda pa kagalimoto kobwereka kwa wogulitsa nkhuku, bokosi litatulukira kumbuyo, nthenga zikuuluka. N'zochititsa manyazi, ndipo alongowo ndi amene analira mokweza kuposa aliyense.

Nyundo yokha ndi imene palibe anailimbirana. Wadazi anaitola, ndipo ulendo usanayambe anagogoda matayala a kagalimotoko. Awiri anali opanda mpweya wokwanira, koma woti amuuze panalibe.

Pabwalo paja lero pamera udzu, m'mawa pamakhala zii. Chisamba imadutsa apo ndi apo, itapakidwa penti ina. Wadazi akaimva ikubwera amayang'ana kumbali.