Kusaka Siginecha Ziwiri

Lolemba
Basi, zakwana! Zaka zinayi ndikulongedza makirisipi pafakitale kuno ku Leicester, ine amene ndinamanga milatho itatu ku Ntcheu. Sabata ino ndikulembetsa ku bungwe la mainjiniya, andidziwe. Fomu yafika. Akufuna:
– digiri (ilipo, mphemvu zinangolawa pakona)
– lipoti la ntchito zanga
– zithunzi
– mainjiniya awiri olembetsedwa kale, ondiikira umboni
Mayi a kunyumba akuti, "Bola musajombe kushifiti."

Lachiwiri
Mboni yoyamba: a Zulu a ku Chipata, amene tchalitchi chonse chimawatcha a Injiniya. Ndakwera basi mpaka ku Beaumont Leys, tayi pakhosi. Ndawapeza mutu uli m'makina ochapira zovala. "Kuno, mudala, aliyense wogwira sipanala ni injiniya." Kubungweko sakuwadziwa. Asaina ndithu, ndi mtima wonse, pamalo polemba a ofesi okha.

Lachitatu
Fomu ina, ya fotokope. Ndagula khadi ya foni, ndikuimbira a Kamwendo kumudzi, bwana wanga wakale. Awa ndiye injiniya weniweni. Moni yekha: ana, mvula, maliro atatu, shuga wawo. Ndikungoti "Bwana, nkhani ya siginecha," mayi wa m'khadi uja akuti yatsala miniti imodzi. A Kamwendo aimaliza pofunsa ngati kuno kumapezeka nsapato za saizi naini.

Lachinayi
Mlamu watumiza zithunzi pa imelo.
Choyamba: mlamu mu suti, mlatho wabisika kumbuyo kwake.
Chachiwiri: mlamu ndi mkazi wake.
Chachitatu: mlatho ukuoneka bwino, kungoti mtsinje unasamuka, ukudutsa pambali. Pamwamba anthu ayanikapo mphale.
Mu lipoti ndalemba kuti sunagwe mpaka lero. Bodza lili pati?

Lachisanu
A Ismail a golosale, obadwira ku Limbe, akufuna kugumula khoma m'sitolo. Ndawawerengera chitsulo chogwira denga, masamba atatu. Eni nyumba akuti pasaine wolembetsedwa. Wabwera mzungu wa chipewa cholimba, wawerenga masamu anga, wati ali bwino, walembapo dzina lake. Ine fomu sololu! Akuti ayenera kuyamba wandidziwa zaka zingapo. Ndati tiyambe lero. Sanaseke.

Loweruka
Mayi a kunyumba aulula mwangozi kuti kumene amasamalira okalamba kuli gogo wina amene anali injiniya wa njanji. "Mukandichotsetsa ntchito inu!" Ndapitabe, ndi mabisiketi. Gogoyo ndi munthu! Maola awiri tikukamba za maziko ndi dothi la makande, mpaka wajambula mlatho papepala lopukutira pakamwa. Chibwerere kuno, palibe anandifunsapo mafunso otere. Ndamupatsa fomu. Walemba pang'onopang'ono, mosamala. Ndawerengera m'basi: wandifunira tsiku lobadwa labwino.

Lamulungu
Mboni: palibe. Mayi a kunyumba sakundiyankhula. A Zulu akufunsa ngati kubungwe ayankha.
Tisanayambe mapemphero abusa andikokera pambali, akuti nsanja ya kwaya ikugwedera. Ndavula jekete, ndakwawira pansi, mabauti anayi ndi thabwa limodzi. Amayi makumi awiri avinapo nyimbo zitatu, a Nyirenda a besi alumphapo kawiri. Nsanja ili nji!
Ndaombera m'manja kuposa onse, anthu akuyesa ndagwidwa ndi mzimu.
Mawa sikisi koloko, makirisipi a mchere ndi viniga.