Mthuthuthu wanga ndi suti yoyera ya ada Manda

Mukapita ku Kande lero n'kufunsa achikulire za wazaumoyo wa ku Dedza amene ankayenda pa mthuthuthu wobiriwira, adzayamba aseka kaye asanakuyankheni. Sekani nawo, palibe kanthu. Koma popeza iwowo nkhaniyi amaiyambira kumapeto, kumene kuli matope, ine ndiyambira kumayambiriro, kumene kuli nzeru zanga.

Boma linanditumiza kumeneko m'zaka za m'ma 80, ndili mbeta, Chitonga ndisakuchidziwa ngakhale cha moni. Ntchito yanga inali yozungulira m'midzi: katemera wa ana, kuyendera zitsime, kukangana ndi abambo za zimbudzi. Midzi ina inali kumchenga, ina kumtunda kumapiri. Chaka choyamba ndinapalasa njinga yakapalasa mpaka akatumba anauma gwa. Kenako mzungu wina amene ankagwira ntchito kumunda wa mphira, pobwerera kwawo, anandigulitsa kanjinga kake kamoto. Kanali kakang'ono, ka matayala a manomano oyendera m'tchire, ka injini zija zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo n'kumasiya utsi wabuluu m'mbuyo. Amakanika amati tusitiroko.

Kanjingako kanali katatopa. Pamalo osalala kankayenda bwinobwino, koma panali chitunda china chopita kumidzi ya kumtunda chimene kankachiopa. Tikafika pakati kankayamba kulira ngati udzudzu, kenako zii. Ndinkatsika n'kumakankha, bokosi la katemera lili kumsana, dzuwa likusungunula ayezi m'katimo. Kawiri konse ndinafika amayi atatopa kudikira n'kubalalika, ndipo ulendo wina katemera yense ndinabwerera naye atafunda, wotha ntchito. Amayi a kumeneko anayamba kunena kuti adokotala (sindinali dokotala, koma sindinkawaletsa) njinga yawo amachita kuikoka ngati mbuzi yopita nayo kumsika. Mawu amenewo anandiwawa kuposa chitundacho.

Mzungu uja anandisiyiranso kabuku kothothoka masamba kofotokoza za injiniyo. Ndinakawerenga katatu, ndipo Loweruka lina ndinayala chiguduli pakhonde n'kuyamba kumasula.

Ndinayambira ekizozi, paipi yotulutsira utsi. Ndinaichotsa, kuiwotcha pa nkhuni mpaka inafiira, kenako kuigogoda ndi mtengo. Mwaye umene unatuluka mmenemo ukanadzaza chitini cha mkaka. Kumapeto kwake kunali kachitsulo kobowolabowola kochepetsa phokoso. Ndinakayang'ana, ndinaona kuti kakungotsekereza mpweya, ndinakaponya padenga. Loweruka lotsatira ndinalowa m'kabureta, mmene petulo amasakanikirana ndi mpweya. Kabowo kodutsa petulo ndinakakulitsa pang'ono ndi singano ya jakisoni (yotha ntchito, musandinenere), ndipo sefa ya mpweya, imene inali itafumbutuka, ndinaidula yatsopano ku thonje la matiresi anga. Kwa miyezi ingapo ndinkagona phazi limodzi lili m'dzenje.

Kenako ndinalimba mtima n'kutsegula injini yeniyeniyo. Khomo lotulukira utsi ndinalipala ndi tupa, pang'onopang'ono, masiku atatu, ndikupima ndi chala, mpaka linasalala ngati m'kati mwa mbale. Chivundikiro cha pamwamba ndinachikhutiza pa sanipepa woyala pagalasi la zenera kuti injini izipanikiza kwambiri. Dalaivala wina wa lole anandibweretsera kuchokera ku Mzuzu giya lakumbuyo lokulirapo, la mano ambiri, loti njinga izikoka ngati ng'ombe ngakhale liwiro lichepe, ndipo tcheni ndinachiwonjezera mfundo. Poti ndinali nditayamba kale, ndinakweza madigadi yakutsogolo kuti matope asamatsekere, mpando ndinakakutitsa kwa telala wa ku Chintheche, thanki ndinaipaka penti yobiriwira imene msodzi wina anatsala nayo popenta boti lake. Inkanyezimira moti nkhuku zinkajompha zithunzi zawo.

Chomaliza chinali moto wa pulagi. Kabukuko kanati moto uziyaka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Ine ndinaganiza kuti ngati kufulumira pang'ono kuli kwabwino, kufulumira kwambiri kuposa pamenepo. Ndinasuntha kambale ka mapointi, kolamula nthawi yoyakira motowo, mpaka pamene kanathera. Tsamba lotsatira, limene mwina linkachenjeza za zimenezi, linali limodzi mwa othothoka aja.

Lolemba lake ndinanyamula katemera n'kulunjika kuchitunda chija. Abale anga, ndinakwera. Ndinakwera pa giya yachiwiri, tayala lakumbuyo likufukula miyala, phokoso likumveka mpaka kutsidya la dambo. Ndinafika pamwamba amayi asanamalize n'kuyala mphasa zomwe, ayezi ali gwa m'bokosi. Tsiku limenelo ndinabaya ana onse, ngakhale amene ndinawaphonya maulendo apitawo, ndipo mpaka lero ndikaika pamodzi zonse zimene ndachita ndi manja angawa, palibe chimene chimandikoma kuposa chimenecho. Kuyambira pamenepo amayi sankafunsanso tsiku la sikelo. Ankangomva kulira kwa njinga ili kutali, n'kuyamba kubereka ana.

Pa amene ankandithandiza kuyeza ana pa sikelo panali mtsikana wina, Nyalongwe, wa kufupi ndi Tukombo, wolemba bwino manambala komanso wosaseka wamba. Zinatenga miyezi kuti andilole, ndipo atandilola anandiuza kuti nkhani yonse ili m'manja mwa asibweni ake, ndiye kuti amalume, ada Manda (ada ndi bambo m'Chitonga). Mkuluyu anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito m'galaja, ndipo anabwerako ndi masutikesi a zovala. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wolankhula pang'ono, ndipo ngakhale dzuwa la mwezi wa Okutobala ankayenda ndi suti, tayi, chipewa ndi ambulera. Achibale ena sankafuna kuti mwana wawo apite kwa Mchewa wa kumapiri, kumene amati kulibe nsomba. Ada Manda anali asananene mbali yawo.

Tinakumana koyamba pamsika. Ndinawapatsa moni wa Chitonga umene ndinachita kuloweza, iwo anayankha m'Chichewa (ndinadziwa kuti Chitonga changa sichinawagwire mtima). Kenako anandiuza kuti ndilize njinga. Nditaliza anapendeketsa mutu, kumvetsera ngati adokotala enieni, n'kunena kuti amene anapala injiniyo ali ndi dzanja, koma moto wafulumira kwambiri, ndiubweze m'mbuyo. Ndinathokoza kuti yewu, ada, ndamva. Mumtima ndinati munthu wa magalimoto a makedzana angadziwe chiyani za njinga imene yakwera chitunda pa giya yachiwiri. Sindinakhudze kanthu.

Tsiku lokaonekera kwa akuchikazi linali Loweruka masana. Ndinapita ndi ahedi a pasukulu ina, a ku Ntcheu, ngati ankhoswe anga. Iwo anatsogola wapansi poti amaopa njinga. Ine ndinafika mwaulemu, ndinazimitsira injini patali, ndinaimika njinga pambali pa nyumba, mphuno italoza kumsewu kuti pochoka ndichoke ngati munthu. Kumbuyo kwake bwalo linkatsetsereka pang'ono mpaka pa dziwe limene amayi amaviikamo chinangwa cha kondowole. Amene simunanunkhizepo dziwe lotero, madzi ake amakhala otuwa, a thovu, ndipo fungo lake limakupatsani moni musanaone mwini nyumba.

Zokambirana zinayenda mwapakatikati. Anandifunsa za kwathu, za mpingo, za khadi la chipani, ngati ndimamwa. Sanandikane, sanandilole, anati ayamba akhala pansi paokha. Tikutsanzikana, ada Manda anayang'ana wotchi n'kunena kuti achedwa kumsonkhano wa akulu a mpingo ku Bandawe. Tsiku limenelo anavala suti yoyera, imene Nyalongwe anati imatuluka kawiri pachaka. Ndinaona kuti mwayi ndi umenewu. Ndinadzipereka kuwaperekeza, ndipo atayang'ana njingayo kwa kanthawi, anayala kampango pampando n'kukwera.

Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera. Ine nsapato zinali zatsopano, zoterera kunsi, choncho kiki yolizira injini ndinaiponda mosafika nayo pansi. Injini inatsokomola, kiki inandibwezera phazi, kenako inalira. Kulira kwake kunali kwachilendo pang'ono, kokhala ngati kwa chimfine, ndipo ndinamva ada Manda akundigwira phewa ngati akufuna kunena kanthu. Ndinaganiza kuti achita mantha. Ndinawonjezera moto kuti amayi kukhitchini amve bwino, ndinalowetsa giya yoyamba, ndinagwedezera mutu apongozi, n'kutaya kilachi.

Njinga inanyamuka ndi mphamvu zonse zimene ndinaipatsa. Inangolakwitsa kolowera. Msewu ndinauona ukuthawa kutsogolo kwanga, anthu amene ndimawatsanzika ndikuwadutsanso kachiwiri. Chifuwa chinagunda thanki, phazi linachoka pa buleki, ada Manda anandikumbatira pamodzi ndi mikono yomwe moti sindikanatha kugwira kalikonse. Giya lija la ku Mzuzu linagwira ntchito yake mokhulupirika. Tinadutsa pakati pa thandala la chinangwa choyanika, nkhuku zili balala, kenako tayala lakumbuyo linasowa pansi. Khuvuu.

Dziwelo silinali lakuya, linkalekeza m'chiuno, koma pansi pake panali matope a zaka ndi zaka. Nditadzuka ndinaona chipewa chikuyandama pakati pa zinangwa. Njinga inali itagona chammbali, ndipo ada Manda anali atakhala, madzi ali pachifuwa, ambulera ikadali m'manja, khungu la chinangwa lili pamutu. Sindinaganize kawiri. Ndinawagwira m'khwapa, kuwanyamula ngati mwana, kuwakhazika pamtunda, kenako n'kubwerera kukavuula njinga.

Amayi anali atatseka pakamwa ndi zitenje, mapewa akugwedezeka. Ahedi aja ankayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Nyalongwe yekha ndi amene anabwera ndi ndowa ya madzi, osandiyang'ana. Ine ndinaima pamenepo ndikudontha, ndikudziwa kuti ukwati wathera m'chinangwa, ndikuganiza kale zopempha kuti andisamutsire ku Nsanje.

Ada Manda analavula, anapukuta magalasi ndi tayi, n'kundifunsa modekha:

"Adokotala, njinga yanuyi ili ndi giya yobwerera m'mbuyo?"

"Ilibe, ada."

"Ndikudziwa kuti ilibe. Ku Joni anzanga ankandiuza kuti zimachitika, ine ndinkati n'zonama za m'galaja. Lero ndakwerapo."

Pamenepo ndi pamene anayamba kuseka, ndipo mudzi wonse unamasuka. Ena anakhala pansi ndi phwete. Atasamba n'kuvala malaya ndi kabudula wa mlamu wawo (anthu anati aka kanali koyamba kuona maondo awo), za msonkhano anazisiya, anaitanitsa bokosi lawo la masipanala limene linali lisanatsegulidwe kuyambira pamene anabwera. Anandifotokozera kuti injini yotere ilibe nazo ntchito kuti ikuzungulira chakuti. Moto ukayaka msanga kwambiri pisitoni isanafike pamwamba, makamaka kiki ikakhala yofooka, umaikankhira kumene yachokera, ndipo injini imangopitiriza ulendo wa chambuyo osadandaula. Tinachotsa pulagi, tinaitembenuza njingayo miyendo m'mwamba kuti ilavule madzi, tinatsuka kabureta, ndipo mapointi anawabweza okha, akupima mpata ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Atasuzumira khomo lija ndinapala ndi tupa, analowetsamo chala n'kunena kuti ku Joni ntchito yotere ankaipereka kwa amisiri akuluakulu okha. Mawu amenewo ndinawasunga. Fungo la chinangwa linali lidakali m'makutu mwanga, koma ndinatupa ngati finye.

Njingayo inalira kiki yoyamba, ndipo inapita kutsogolo. Chitunda chija inkakwerabe pa giya yachiwiri, ngakhale bwino kuposa kale, ndipo inanditumikira zaka zina zisanu ndi chimodzi. Suti yokha ndiyo sinachire. Inachapidwa katatu, inayanikidwa sabata yathunthu, koma inasanduka yotuwa ngati phulusa, ndipo mvula ikangowaza, a m'tchalitchi ankasuntha pabenchi.

Patapita masabata awiri ahedi anabwera ndi yankho. Akuti achibale atakhala pansi, ambiri anati munthu wogwetsera asibweni m'dziwe tsiku loyamba adzachita zotani chaka chachiwiri. Ada Manda anawasiya alankhule onse, kenako anati iwo amakanika amawadziwa, akhala nawo moyo wawo wonse, ndipo makanika weniweni injini yake ikamira amaiwala ngakhale mayi ake. Koma mnyamatayu, njinga imene anaivutikira miyezi ili m'madzi, anayamba wavuula munthu. Wotereyo mwana wathu sadzamusiya m'mavuto, mpatseni. Nkhani inathera pomwepo, ndipo ine ndi Nyalongwe tili ndi ana asanu ndi adzukulu amene ndasiya kuwawerenga.

Mawu amenewo ada Manda anawabwereza pa ukwati, anawabwerezanso pa ubatizo wa mwana wathu woyamba, ndipo nthawi zonse ndinkaweramitsa mutu modzichepetsa. Anamwalira ndisanawauze zoona, ndipo mayi a kunyumba adziwa lero akawerenga pano. M'dziwe muja mkuluyo anali atakhalira njinga, ndendende pa kabureta, madzi akulowa bwibwibwi. Panalibe njira ina yoifikira.