Sanafe Mpaka Wailesi Itanena

Pamsewu pathu panali bambo ena ometa tsitsi amene sankakhulupirira kanthu, ngakhale mvula ikuwanyowetsa, mpaka wailesi ya boma itanena. N'chifukwa chake anthu ankawatchula a Wakuuzandani.

Mwana wawo wamkazi, namwino, anawagulira foni yomverapo nyimbo ndi kuonerapo mafilimu akunja. Atamvera nyimbo imodzi, foni inawabweretsera ina yofanana nayo. Nkhope inagwa.

"Iwe, yadziwa bwanji kuti ndimakonda magitala?"

"Imaphunzira zomwe mumakonda, bambo."

"Mlendo wodziwa pokhala mchere m'nyumba mwako, ameneyo anayamba kale kukubera."

Anaitsekera m'chitini n'kuika panja, kuti isamve nkhani za makasitomala. Mnzawo weniweni inali wailesi yakale yomanga ndi mphira. Ukafuna nyimbo inkakupatsa za katemera wa nkhuku, ndipo shopu yonse inkamvera n'kumakangana, wina mutu uli wometa theka.

"Yachilungamo ndi iyi," ankatero. "Siindidziwa, siindinyengerera."

Atadwala anamugwira dzanja namwino uja. "Ndikafa usandilengeze pa kazitape wakoyo. Ndikamveke pa wailesi."

Tsiku limene anatisiya uthenga unayenda pafoni, koma madala a m'shopu anakana kulira. "Wakuuza ndani?" anafunsa telala woyandikana nawo, akupitiriza kusoka.

Namwino anathamangira ku nyumba ya wailesi mtima uli m'mwamba. Pakhomo anamuuza kuti pulogalamu ya mauthenga achisoni inathetsedwa, poti omvera anathawira pa intaneti. Misozi inalengeza m'maso mwake: lonjezo linali limodzi lokha, nalonso limukanike? Muulutsi wina wa imvi, atamva namwino akutchula dzina la bambo ake, anaima.

"Aja otilembera kalata mlungu uliwonse kuti nkhani zachedwa ndi mphindi ziwiri? Mayo! Ndiye azitidzudzula ndani?"

Masana omwewo anadula za katemera pakati n'kuwerenga uthengawo. Telala anaimitsa makina, navula chipewa.

"Apa ndiye apitadi."

Msewu wonse unalira.

Shopu ikadalipo, koma namwino akadutsapo mtima umamuwawa. Makasitomala amangoti phee, aliyense timawaya m'makutu, kuseka yekhayekha. Foni ija ikadali m'chitini. Masiku ano bodza limalowa, kukhala pampando, kumetetsa n'kutuluka, popanda wolifunsa kuti wakuuza ndani.